Mlomo umene ndinausiya ku Songani

Mtiya, Zomba
Loweruka masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde, iwe utapita ku Chirunga kukatsanzikana ndi anzako aja a kukoleji. Sutikesi yako ili pabalaza, yatupa ngati yameza mbuzi, koma amayi ako akulimbana nayobe kuti alowetsemo botolo la chiponde, akuti ku Joni ukafa ndi njala. Ndawasiya. Kalatayi ndiilowetsa m'kathumba ka pambali momwe waikamo pasipoti, ndipo ndikupempha kuti usaitsegule mpaka ndege itanyamuka.

Ndikudziwa kuti wandikwiyira. Dzana nditakuuza kuti sindikuperekeza ku Chileka unangoti "chabwino ababa," koma mbale unazitsuka mozimenyanitsa mpaka ina inabenthuka. Ukuganiza kuti ndi bondo langali, kapena kuti ndine mdala wouma mtima wosafuna kuoneka akulira pagulu. Si zimenezo. Mawa ndi Lamulungu, ndipo ndili ndi ulendo wa ku Songani. Kumeneko kuli munthu amene ndinamuipitsira dzina zaka zambiri zapitazo. Mwini dzinayo ali m'manda, mkazi wake wakalamba ndipo akudwala, moti ndikati ndidikire sabata ina mwina sindikapeza womuuza zoona. Werenga mpaka kumapeto, kenako ukwiye bwinobwino uli ndi chifukwa chenicheni.

Ntchito yakoyi wandifotokozera kawiri konse, pang'onopang'ono, monga amachitira munthu polankhula ndi nkhalamba. Wati ukakhala mu ofesi yoona ngati nthambi za kampani yanu m'maiko osiyanasiyana zikutsata malamulo. Uziwerenga malipoti ochokera kunthambiko, nthawi zina uzipita kukadzionera wekha, kenako uzikauza akuluakulu a bodi, amene amalamulira kampani yonse. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mbuli. Ndinkamva zonse, mwana wanga. Ofesi yotereyo ndimaidziwa kuchokera kunsi kwake, chifukwa kwa zaka khumi ndi ziwiri ndine ndinkaiphikira chakudya. Pa kampani ya matabwa ija ya m'munsi mwa phiri, imene eni ake anali kutsidya kwa nyanja, ine ndinali woona za antchito, a Pesonelo monga ankanditchulira. Lipoti lililonse lonena za anthu linkatuluka m'manja mwanga. Iwe ukukakhala pampando wa anthu amene ine ndinkawanamiza.

Ndiyambe ndi chikwangwani. Mwina ukuchikumbukira, chinali pageti, chobiriwira, ndipo unkakonda kuwerenga manambala ake mokweza tikamadutsa. Chinkasonyeza masiku amene tagwira ntchito popanda ngozi yogoneka munthu kunyumba. Kulikulu la kampani ankachikonda chikwangwanicho kuposa matabwa amene. Nthambi imene yakhala nthawi yaitali nambala osagwa inkatamandidwa, a manijala ake ankakwezedwa, antchito ankalandira kenakake pa Khirisimasi. Imene nambala yagwa inkalandira makalata aukali. Anthu amene anaganiza zimenezi sanali oipa ayi, ankafuna kuti tizisamala miyoyo. Kungoti munthu ukamuuza kuti nambala isagwe, amayamba kusamala nambalayo, chala cha mnzake n'kuiwalika.

Bodza langa loyamba linabwera ndi nkhope ya chifundo. Bambo wina wa kumakina anadulidwa nsonga za zala ziwiri. Mwalamulo anayenera kukagona kunyumba milungu itatu, ndipo nambala ikanabwerera pa ziro mwezi wa Novembala, anthu onse akuyembekezera za Khirisimasi. A manijala sanandiopseze. Anangotseka chitseko, kundithirira tiyi ndi dzanja lawo, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti mabanja onse aja adye Khirisimasi ya nyemba chifukwa cha zala ziwiri. Tinagwirizana kuti bamboyo azibwera tsiku ndi tsiku kudzakhala m'kanyumba ka alonda, dzanja lili m'bandeji, n'kumasayina kuti wagwira ntchito. Iyenso anasangalala poti malipiro sanaduke. Ine m'fomu ndinalemba kuti kabala kakang'ono, wabwerera pantchito tsiku lomwelo. Ndinapita kunyumba ndikudziona ngati ndathandiza anthu. Tiyamike, ukadzamva wina akukuuza kuti kusintha liwu limodzi sikupweteka munthu, uku akukuthirira tiyi, udzadziwe kuti wafika pamene ndinagwera ine. Bodza lachiwiri silinafunenso tiyi.

Nkhani ina ndi ya alendo. Kamodzi pachaka kunkabwera anthu ochokera kulikulu, a ofesi ngati yakoyo. Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ife tinali akatswiri pobunthitsa kalumoko mlendo asanafike n'komwe pageti. Kalata yawo inkafika kutatsala mwezi. Miyala yonse ya m'mbali mwa msewu tinkaipaka laimu. M'sitolo munali zipewa zolimba, magolovesi ndi majombo atsopano, zimene tinkagawa m'mawa wa tsikulo n'kuzilandanso madzulo, kuzibwezera m'makatoni kudikira chaka chamawa. Macheka aakulu aja ali ndi chotchinga chachitsulo chimene chimagwira thabwa kuti lisabwerere kwa wocheka. Chotchingacho chinkachedwetsa ntchito, choncho chaka chonse chinkangotsamira khoma, n'kumangidwa pamakina tsiku la alendo lokha. Ikamakwana leveni koloko tinkawakweza m'galimoto kupita nawo pamwamba pa phiri, akaone mathithi ndi chigwa chonse mpaka ku Chilwa, tiwagulire masitiroberi a m'mbali mwa msewu. Potsika amakhala atatopa, atakhuta, makamera atadzaza zithunzi, n'kumati Amalawi ndi anthu abwino zedi. Lipoti ankalembera kuhotela.

Iwe ukapita kunthambi iliyonse, ukayang'ane pansi pa majombo. Majombo a ntchito amakhala ndi utuchi ndi matope ouma, a alendo amakhala akununkha katoni. Ukagwire mabawuti a chotchinga, uone ngati akhalitsa pamenepo kapena angomangidwa kumene. Ndipo ukakane phiri. Dziko lililonse lili ndi phiri lake lokakuonetsa, kwina ndi nyanja, kwina ndi nyama zakutchire, ndipo galimoto yake imafika nthawi imene wayamba kufunsa mafunso. Ukawauze kuti phirilo ukaliona Lamulungu ndi ndalama zako.

Tsopano ndikuuze za Lasitoni, amene ndi mwini ulendo wanga wa mawa. Anali wocheka pa macheka aakuluwo, wa ku Songani, Mlomwe mnzathu, wamfupi, wolankhula pang'ono, dikoni kumpingo kwawo. Mowa sankaulawa, ngakhale thobwa logona sankamwa. Ankabwera panjinga tsiku lililonse, Baibulo laling'ono lili m'thumba la ovolosi. Chaka china pakati pa alendo panali mayi wina wamtali wa magalasi, amene sanakhutire ndi anthu atatu omwe tinawakonzeratu zonena. Anaima pa macheka n'kuloza Lasitoni, kuti akufuna kumva kwa ameneyu. Womasulira ndinali ine, poti ndine ndinkadziwa Chingerezi komanso anthu. Lasitoni anavula chipewa chobwerekacho n'kulankhula mwaulemu, nthawi yaitali ndithu. Anati chotchinga chimene akuchionacho achimanga m'mawa womwewo ndipo mawa chichotsedwanso. Anati thabwa linabwererapo kawiri n'kumuphonya, ndipo akupempha mabwana kuti chotchingacho chizikhala pomwepo.

Mayi uja anatembenukira kwa ine. A manijala anali kumbuyo kwake, maso ali pa ine.

"Akuti akuthokoza kampani chifukwa cha majombo ndi chipewa," ndinatero m'Chingerezi, "ndipo akupempha kuti muzibwera pafupipafupi."

Mayiyo anakwinya nkhope pang'ono poona kuti mawu ambirimbiri aja atuluka ochepa chonchi, koma analemba m'kabuku kake n'kumwetulira. Lasitoni anawerama kuthokoza, akuyesa kuti dandaulo lake lafika. Madzulo anandipeza poimika njinga n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, kuti a Pesonelo mwatiyankhulira. Kumaiko kumene ukupitako, mwana wanga, sukamva zilankhulo zawo. Usakalole kuti wokumasulira akhale munthu wodya kwa bwana wa pamalopo. Ndipo munthu akalankhula mpaka kumeza malovu kawiri, womasulira n'kukupatsa mawu asanu, ukafunsenso, ukafunsenso kachitatu, ngakhale akuone ngati wovuta. Mayi uja akanafunsa kachiwiri sindikudziwa ngati ndikanapirira.

Panalinso kabokosi ka madandaulo, kokhomedwa pafupi ndi kantini, kolembedwa kuti aliyense alembe mosaopa, dzina lake silidziwika. Kiyi wake ankasunga ndani? Ine. Kalembedwe ka munthu aliyense ndinkakadziwa, poti mafomu awo a tchuthi ankadutsa patebulo langa. Patapita miyezi itatu alendo atachoka, Lasitoni anaponyamo kalata yofunsa kuti yankho la mayi uja lili kuti. Ndinaipinda n'kuiika m'dirowa. Ukakapeza nthambi imene kabokosi kake kamakhala kopanda kanthu chaka chonse, usakaombe m'manja, ukafunse amene amasunga kiyi.

Linali Lachinayi mwezi wa Julayi, chiperoni chitaphimba phiri lonse. Kunali oda yaikulu yofunika kutuluka, ndipo chikwangwani chinatsala ndi masiku asanu ndi anayi kuti chikwanitse zaka ziwiri zathunthu, zimene nthambi zinzathu zinali zisanafikepo. Cha m'ma fili koloko thabwa linabwerera n'kumumenya Lasitoni pachifuwa. Ndinamupeza ali thapsa pa utuchi, maso ali tong'o, akupuma ngati wina wamukhalira. Magazi sanatuluke ambiri. Tinamukweza m'pikapu, ine ndinakhala kumbuyo, mutu wake uli pamwendo panga, Baibulo lija likuonekera m'thumba. Tisanafike pamsewu wa tala anasiya kupuma.

Nditaimba foni, a manijala anandifunsa funso limodzi lokha, kuti wafera mkati mwa geti kapena kunja. Ndinati kunja. Ndinawamva akupuma ngati munthu wotula katundu. Anati ndiye kuti si ngozi ya pantchito, tinene kuti anaweruka msanga n'kugwa panjinga potsetsereka, ndipo bala la pachifuwa ndi handulo. Kuchipatala ndi kupolisi analemba zimene tinawauza. Kapitawo wa pamakina anali atalemba kale lipoti lake pamanja, zonse monga zinachitikira, za chotchinga zomwe. A manijala anandipatsa pepalalo kuti ndikaotche. Antchito amene anaona ngoziyo anaitanidwa mmodzimmodzi n'kukumbutsidwa kuti makontirakiti awo amatha mwezi wa Sepitembala. Njinga ya Lasitoni tinaipinda gudumu ndi hamala kuseri kwa sitolo. Woigwirira ndinali ine, Tiyamike, wina akumenya.

Mwambo wake umaudziwa munthu akamwalira akadali pantchito. Kampani imagula bokosi, imapereka galimoto, ufa, shuga ndi nkhuni, ndipo wina wa kuntchito amaperekeza thupi n'kukafotokozera abale momwe zayendera, kenako tsiku loika maliro amayankhula pagulu. Ntchito imeneyo inali yanga, ndipo ndinkaitha. Anthu ankati a Pesonelo akayankhula pamaliro ngakhale adzukulu okumba manda amapukuta maso. Ulendo uwu a manijala anati tisaumire. Tinagula bokosi lonyezimira la zogwirira zagolide, loti ku Songani anali asanalionepo.

Titafika anatitengera kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunakhala amjomba ake a Lasitoni, alongo a amayi ake, omwe ndiwo anali mwini mbumba, akulu a mpingo awiri, ndi amuna ena apabanja. Ndinafotokoza za njinga monga tinapangana. Kenako amjomba aja, mdala wowonda wa maso akuthwa, anandifunsa modekha kuti zitheka bwanji munthu amene watsika msewu umenewo zaka khumi ndi zisanu, mvula ndi dzuwa, agwe masanasana pamalo opanda dzenje. Funso limenelo sitinalikonzekere. Ndinaona bodza lonse likuphwasuka, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awa:

"Pepani akuluakulu, sindinafune kuti ndinene. Anzake akuti tsikuli anali atalawako pang'ono."

Mawu amenewo a manijala sananditume. Sanachokere kulikulu, sanali m'fomu iliyonse. Ndinawapanga ndekha pomwepo, ngati munthu wotseka chibowo cha ndowa ndi chala. Ndinatsitsa ndi mawu omwe kuti zioneke ngati zikundipweteka. Amjomba aja anazyolika ndi manyazi. Akulu a mpingo anayang'anana.

Ine za mpingo sindinaganizeko. Mpingo wawo uli ndi lamulo lolimba, munthu wofa ali chiledzerere saimbiridwa, ndipo kwa dikoni mlandu umakula kawiri chifukwa ndiye kuti ankanamiza mpingo. M'mawa mwake ndinaona amayi a mpingo, amene anafika pamaliropo atavala zoyera zawo, akulowa m'nyumba ina mmodzimmodzi n'kutuluka atavala zitenje wamba. Kwaya inabwerera panjira. Abusa sanabwere, anangotuma mkulu mmodzi kudzapemphera mwachidule. Munthu amene anaimbira maliro a mudzi wonse anapita kumanda kuli zii, kumangomveka mapazi ndi kulira kwa mkazi wake, a Esinati. Ndipo ine ndinaimirira pamenepo ndi jekete langa lakuda, n'kuyankhula za kampani imene imakonda antchito ake ngati ana ake. Anthu ankagwedeza mitu kuvomereza, maso ali pabokosi lija. Titachoka kumanda ndinatulutsa pepala kuti amjomba adindepo chala. Iwo ankayesa akuvomereza kuti alandira bokosi ndi ufa, pamene pepalalo linkanena kuti banja lilibe dandaulo lililonse ndi kampani. A Esinati anagwada pafumbi kundithokoza.

Masiku aja atakwana, nambala inafika. Kulikulu kunachokera satifiketi ya m'felemu yagalasi. Ndi ija ya pabalaza, imene unkaipukuta Loweruka lililonse uli mwana, n'kumauza anzako kuti ababa anga anapambana anthu onse. Akuti dzina langa linatchulidwa pamsonkhano wa bodi. Ndinakwezedwa. Nyumba ino ya ku Mtiya, sukulu yako yogonera konko, zonse zinamera pamenepo. Sindikunena izi kuti udzione wodetsedwa, iwe ulibe mlandu, ndipo mayeso unakhoza ndi mutu wako. Ndikufuna udziwe kuti bodza la pantchito limalipira bwino ndiponso msanga, n'chifukwa chake ngakhale anthu anzeru amalichita. A manijala anasamutsidwira kudziko lina pa udindo waukulu. Kampani inagulitsidwa, kenako inatsekedwa, ndipo pamene panali macheka pano pamera udzu. Akuluakulu a bodi aja sanamvepo dzina la Lasitoni, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa iwo akanamva akanachitapo kanthu. Anaika malamulo, anatuma alendo, anakhoma kabokosi, koma pa khomo lililonse panaima ine.

A Esinati umawadziwa. Ndi mayi aja a pamsika wa Songani, ogulitsa mbatata ndi nthochi pafupi ndi pokwerera minibasi, amene unkawatcha anganga a nthochi. Nthawi zonse tikaima pamenepo ankathamangira galimoto ndi phava la nthochi, kukana ndalama, n'kumauza anzawo kuti awa ndi bwana aja anaika amuna anga m'bokosi la mabwana. Iwe unkadya nthochizo kumbuyo uko ukuimba. Ukandifunsa chifukwa chake ine sindikudya, ndinkati zimandipweteka m'mimba. Ana awo anakula akutchedwa ana a chidakwa chobisala. Wamkulu anasiya kupemphera, wachiwiri anapita ku Mozambique kwa abale ndipo sabwera. Chipepeso chimene malamulo amapereka kwa banja la munthu wofera pantchito sanachione.

Mwezi watha ndinadutsako ndekha, pamsika sindinawapeze. Anzawo anandilozera kunyumba. Ndinawapeza atagona pamkeka pakhonde, miyendo itatupa, thupi litatha ndithu. Anayesetsa kudzuka kuti andipatse ulemu. Tinacheza za mvula ndi za iwe, ndipo anasangalala kumva kuti mwana wa nthochi uja akukwera ndege. Ndikutsanzika anandigwira malaya.

"Bwana, imfa sindikuiopa ayi," anatero. "Chikundidetsa nkhawa n'chakuti kumene ndikupitako, bambo a ana angawa sindikawapezako. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempherera, koma poti anapita ali chomwecho, kaya."

Nditafika pagalimoto ndinakhala momwemo osaliza injini mpaka dzuwa linapendeka. Zaka zonsezi ndinkadziuza kuti ndinaba chipepeso ndi nyimbo za tsiku limodzi. Sindinadziwe kuti mayiyu ndinamulanda mwamuna wake mpaka kumwamba komwe. Akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Wanga ndinausiya kuseri kwa nyumba ija, ndipo ndinaupeza ukundidikira pakhonde.

Pepala la kapitawo lija sindinaliotche. Usandiyese wolimba mtima, ndinalisunga chifukwa cha mantha, kuti zikadzavuta ndidzakhale ndi pothawira. Lakhala kuseri kwa satifiketi ija, m'felemu momwemo, pamodzi ndi kalata ya Lasitoni ya m'kabokosi. Lolemba ndinakaonana ndi abusa a ku Songani, omwe ndi achilendo, Lasitoni sanamuonepo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anati Lamulungu la mawali ndi tsiku la mgonero, mpingo wonse udzakhalapo, a Esinati akawatenga pa kabaza, ndipo andipatsa mpata ulaliki usanayambe. Ndawapempha kuti ngati akulu a mpingo avomere, tikatuluka tipite kumanda ndi kwaya. Lachitatu ndinawauza amayi ako zonse. Sanalire, sanandilalatire. Anangoti ku Chileka apita ndi amalume ako, ine ndipite kumene ndikuyenera kupita. Chiyambire tsikulo akundipatsa chakudya osandiyang'ana kumaso, ndipo sindikuwadandaula.

Chimene chikandichitikire sindikuchidziwa. Mwana wamkulu wa Lasitoni ndi bambo tsopano, ndipo ali ndi manja. Mwina nkhani ifika kupolisi kapena ku ofesi ya zantchito, ndipo ikafika ndikayankha. Mwina Zomba yonse imva, anzako a ku Chirunga n'kukutumizira pafoni usanamasule n'komwe sutikesi. Pa ichi ndiye ndikupepesa kwambiri, chifukwa dzina limene ukukalembetsa pachitseko cha ofesi yatsopanoyo ndi langa. Ndinaganizapo zodikira kuti ukhazikike kaye. Koma kudikira ndi kumene ndakhala ndikuchita zaka zonsezi, ndipo miyendo ya a Esinati ikutupirabe.

Pali chinthu china chimene ine ndi amayi ako tinakulakwira. Tinakulera kuti wamkulu satsutsidwa, kuti polankhula ndi akulu uziyang'ana pansi. Inenso ndinaleredwa choncho, ndipo a manijala ankanditamanda kuti ndine munthu waulemu. Ulemu umenewo ndi umene unagwirira njinga ija. Gwada popereka madzi, patsa moni ndi manja awiri, zimenezo usasiye. Koma wamkulu akakufunsa zimene waona, kapena akakuuza kuti sunaone, umuyang'ane m'maso.

Tsono mvera, Tiyamike, poti malangizo anga ndi ochepa ndipo ndawagula modula. Ukakhala mu ofesi yozizira ija, lipoti lokongola n'kufika pakompyuta yako, zonse zili bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi, ukakumbukire kuti walemba ndi munthu ngati bambo ako, wopemphera, wokonda ana ake, woopa bwana wake. Usakafunefune anthu a nkhope zoipa, sukawapeza. Ukafunse kuti chaka chino ndi antchito ati afera panjira kapena kunyumba, ndipo ndi maliro ati amene kampani inaguliramo bokosi lodabwitsa mudzi. Ukapite kumudzi kwa mmodzi wa iwo, osati pagalimoto ya kampani. Tsiku lina bwana wako iweyo, wa suti yabwino, adzatseka chitseko n'kukuuza kuti nkhani iyi isafike ku bodi, ingapweteke anthu ambiri osalakwa. Adzakhala akunena zoona pang'ono, ndipo kuopsa kwake n'komweko. Ukakana mwina ntchito idzatha. Ikatha bwera, chipinda chako chilipo, chimanga tili nacho, ndipo ndidzakuchingamira ku Chileka, ulendo umenewo sindidzalephera. Koma usadzandibweretsere felemu.

Mwina potulutsa sutikesi waona kuti pakhoma pabalaza patsala malo oyera pamene panali satifiketi. Ndiichotsa mawa m'mamawa, mapepala aja ndiwaika m'thumba la jekete lakuda lomwe lija, likadandikwana. Nthawi imene ndege yako izinyamuka, ine ndidzakhala nditaimirira kutsogolo kwa mpingo. Ndayankhulapo pamaliro ambiri anthu n'kumandiyamikira, koma mawa ndikayankhula pa maliro a Lasitoni kachiwiri. Ndikanena zonse zimene iye ananena pa macheka paja, liwu ndi liwu, monga ndinayenera kuzimasulira. Kenako ndikagwada pamene pakhale a Esinati, ndikawauze kuti amuna awo sanalawe kanthu, anapita ali dikoni, Baibulo lili m'thumba. Ndinaona ndi maso anga, mutu wawo unali pamwendo panga.

Ukafika uwaimbire amayi ako, akhala akuyang'ana foni tsiku lonse. Ine udzandiimbira pamene udzathe. Ndidikira.

Ndine bambo ako.